Ndani Anang'amba Masamba Omaliza

Loweruka ndi tsiku lochapa, ndipo aliyense m'nyumba muja ankadziwa kuti Loweruka amake mapasa salankhulitsidwa. Tsiku limenelo anali atatsukuluza kale mayunifomu a ana, mashiti a pabedi atawanyika m'bafa lalikulu, ndipo anali akupisa m'matumba a ovololo ya amuna awo, monga ankachitira sabata iliyonse asanaiviike. Anatulutsamo manati awiri, kansanza kagirisi ndi chotokosera m'mano. Apa ndi pamene mwana wawo wachisamba, uja wogulitsa mafoni m'tawuni, analowa pageti ali wefuwefu.

"Amayi! Buku lanu lija alipanga filimu!"

"Waponda sopo," anatero amake mapasa osadzutsa mutu.

"Mwamva koma? Buku lofiira lija, la mwini hotela. Filimu yake ndabwera nayo, ili pa fulashi apa. Lero mudziwa amene anapha."

Manja anaima m'madzi.

"Ndawaitananso amayi aang'ono," anatero mtsikanayo, mawu akuwatsitsa ngati akutsika masitepe oterera. "Afika thu koloko."

Nkhani ya bukuli ndi yamsinkhu umodzi ndi mapasawo, zaka zisanu ndi zinayi. Atabereka ana awiri aakazi pa opaleshoni, adokotala anawauza amake mapasa kuti agone masabata atatu osanyamula ngakhale ndowa. Mng'ono wawo, telala wa kumsika, anatseka shopu n'kubwera kudzawasamala. Iye ndi amene anabweretsa buku lachikuto chofiira lomwe chaka chimenecho aliyense ankaliwerenga, m'minibasi, m'saluni, ngakhale pamzere wa kuchipatala. Nkhani yake inali yoti mwini hotela ina anapezeka atafa m'chipinda chochapira, atakwiriridwa ndi mashiti, chitseko chili chokhoma. Okayikiridwa anali anayi: mkazi wake, dalaivala wake, dokotala wake, ndi mayi wina wochapa pahotelapo.

Amake mapasa, chisiyireni sukulu, anali asanawerengeko china kupatula makadi a kusikelo. Koma bukuli linawagwira. Ankawerenga mwana wina ali kubere, wina ali pamiyendo. Mng'ono wawo, amene anali atalimaliza kale, ankadutsa ndi matewera akuseka.

"Achemwali, mukafika kumapeto mukomoka."

"Ndi wochapa uja," ankatero iwo. "Wochapa amadziwa za m'thumba mwa aliyense."

"Kaya. Ine sindinena."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi anafika pamene wapolisi wofufuza anasonkhanitsa anayi onse aja n'kuvula magalasi ake. Amake mapasa anatembenuza tsamba. Anapeza chikuto. Masamba khumi ndi awiri omaliza anali atang'ambidwa, kutangotsala tizidutswa mumsoko ngati mano a khasu lakutha.

Munthu amene wangowerenga masamba mazana atatu a za ufufuzi amadziona ngati nayenso ndi wapolisi. Amake mapasa anawerenga anthu a m'nyumbamo pa zala. Wachisamba anali kusukulu yogonera komweko. Mapasa anali asanadziwe n'komwe kuti ali ndi manja. Amuna awo, makaniko wa pagalaja, atafunsidwa anangoseka: "Ine mabuku? Ine ndimawerenga injini." Anatsala mmodzi, yemwe kuyambira ali mwana anali wa zoseweretsa anzake, yemwe anathirapo mchere m'tiyi wa alendo ndi kusoka miyendo ya thalauza la mlongo wawo tsiku la mayeso.

Mng'onoyo anakana. Anati buku ndi lake, angaliwonongerenji. Anatinso mwina achemwali ang'amba okha n'kupukutira ana. Mawu anabala mawu, mpaka amake mapasa, chilonda chikuwawa, tulo ta masiku asanu ndi limodzi tili m'maso, ananena chomwe sichinenedwa.

"Uli ndi mtima woipa iwe. N'chifukwa chake mwamuna uja anakuthawa diresi utasoka kale."

Zinali zoona kuti mwamunayo anathawa kutatsala mwezi umodzi kuti ukwati uchitike, ndipo zinali zitangochitika chaka chomwecho. Mng'onoyo anatsiriza kuyanika matewera omwe anali m'manja, analongedza chikwama, napita. Bukulo analisiya patebulo.

Kuchokera pamenepo ankakumana pamaliro pokha. "Muli bwanji?" "Ndili bwino, kaya inu." Basi. Amake mapasa analumbira kuti sadzagula buku lina, sadzafunsa munthu, ndipo amene adzayese kuwauza mathero adzamuthira madzi a sopo. Ankafuna kumva kuchokera pakamwa pa amene anang'ambayo, atayamba wapepesa. Bukulo linakhala pamwamba pa kabati, pansi pa bokosi la ayironi yakufa.

Tsopano ukwati wa wachisamba unali utatsala miyezi iwiri. Amayi ake aang'ono anali atanena poyera kuti diresi asoka, ndipo asoka mwaulere, koma ku ukwatiko sakapondako, chifukwa anthu a mtima woipa amathawitsa amuna.

"Ndani wakutuma?" anafunsa amake mapasa, akupukuta manja pansalu yomwe anamanga m'chiuno.

"Palibe. Ndatopa nazo, amayi. Muonere limodzi, mudziwe amene anapha, nkhani ithe. Chibale n'fupa."

"Fupa limatsamwitsanso. Ndipo ine nkhani yanga si ya amene anapha. Ndi ya amene anang'amba."

"Ndiye simuonera?"

Anayang'ana mashiti anayi omwe anali m'bafa. Anayang'ana dzuwa. Zaka zisanu ndi zinayi wapolisi uja ataima ndi magalasi m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Ndi yaitali bwanji?"

"Maola awiri."

"Maola awiri kupha munthu mmodzi. Anthu alibe zochita." Anatsonya. "Kakolope pabalaza. Asadzanene kuti kuno timakhala ngati nkhumba."

Mapasa anawatumiza kwa aneba, poti za kuphana si za ana. Abambo a mapasa anafika kuchokera kugalaja cha m'ma wani, nasamba, ndipo atamva pulogalamu ya masanawo anayamba kufunafuna nsapato.

"Ine ndikaonere mpira," anatero. "Za mabukuzi ndi zanu."

"Adadi, khalani," anatero wachisamba. "Pakufunika munthu wamkulu woleretsa."

"Mpira wake ndi wofunika kwambiri, mwana wanga."

"Khalani pansi," anatero amake mapasa. "Ine ndasiya mashiti m'madzi. Inu simungasiye anyamata othamangitsa chikopa?"

Anakhala, pampando wa pafupi ndi chitseko.

Mng'ono uja anafika thu koloko yeniyeni, tepi yoyezera ili m'khosi kuti aliyense aone kuti wabwera pantchito. Anali atanenepa pang'ono, ndipo imvi zinali zitayamba pamwamba pa khutu lakumanzere, pomwe zinayambiranso kwa malemu mayi awo. Amake mapasa anaziona.

"Muli bwanji, achemwali?"

"Ndili bwino, kaya inu."

"Alamu, muli bwanji?"

"Tilipo, tilipo, alamu," anayankha abambo a mapasa, maso ali pa nsapato zawo.

"Ine ndabwera kudzayeza mwanayu m'chiuno," anatero mlendoyo.

"Mundiyeza ikatha," anatero wachisamba, natseka makatani, nabaya fulashi kuseri kwa TV.

Abale awiriwo anakhala pasofa imodzi chifukwa inalipo imodzi, wina kumapeto uku, wina kumapeto uko, pakati patatsala malo oti n'kugonapo mwana. Wachisamba anakhala pamenepo.

Filimu inayamba ndi nyimbo zoopseza, mvula, ndi hotela yaikulu kuposa ya m'mutu mwa amake mapasa. Kenako anaonetsa chipinda chochapira, naonetsa mayi wochapa uja. M'bukumo anali mayi wazaka makumi asanu, wojintcha, wa manja osweka ndi sopo. Apa anali kamtsikana kowonda, tsitsi lofika m'chiuno, zikhadabo zazitali zopaka zofiira.

"Zikhadabo zimenezo angachape nazo chiyani?" anafunsa amake mapasa. "Mpango wa m'mphuno?"

"Amayi, ndi filimu."

"Taonani akufinyira. Akusisita shiti ngati mphaka. Imeneyo iuma Lachinayi."

Anatulukira wapolisi wofufuza. M'bukumo anali mdala wodwala zilonda za m'mimba, woyenda ndi botolo la mkaka m'thumba la jekete. Apa anali mnyamata wa chifuwa ngati chitseko, ndipo asanafunse munthu funso lililonse anali atalumpha kale mpanda kawiri.

"Uwauze amayi ako," anatero mng'ono uja akuyang'ana TV, "kuti jekete limenelo analisoka ndi wophunzira. Phewa lina lili kumwamba."

"Uwauze amayi ako aang'ono kuti ndaona kale."

Wachisamba sanauze aliyense. Anangokweza voliyumu.

Patapita theka la ola, mkazi wa mwini hotela anali atalira katatu popanda msozi ndi umodzi womwe, dokotala anali atasanduka chibwenzi chake, zomwe m'bukumo munalibe, ndipo wapolisi anali atavula shati popanda chifukwa. Abambo a mapasa, omwe poyamba anatseka maso ngati agona, tsopano anali atasendeza mpando.

"Galu uja amuchotsa," anang'ung'udza.

"Eya, amuchotsa," anavomera amake mapasa mokwiya. "Chonsecho galu uja ndi amene sanauwe tsiku lija. Anthu awa bukuli analiwerenga koma?"

Mng'ono wawo anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana alamu ake. Anawayang'ana nthawi yaitali ndithu. Kenako anabweza maso pa TV, nayamba kukulunga tepi yake pachala.

Amake mapasa sanaone zimenezo. Anali otanganidwa. Mtima unkagunda ngati wa mtsikana, ndipo zimenezo zinkawanyansa. Munthu wa ana atatu, wa msana wowawa, mashiti ali m'madzi, kumanjenjemera chifukwa cha mzungu wongopeka yemwe anafa mongopeka. Koma pamene wapolisi anasonkhanitsa anayi aja m'chipinda chodyera, anapezeka atagwira mkono wa sofa ndi manja awiri. Mnyamatayo analibe magalasi oti avule, choncho anavula wotchi. Anayenda uku, nayenda uko. Anaima kumbuyo kwa wochapa wa zikhadabo uja.

Wapolisi anadutsa, naloza dalaivala.

Dalaivala anagubuduza tebulo, natulukira pawindo, nalowa m'galimoto. Panali kuthamangitsana kwa mphindi khumi, galimoto zitatu zinapsa, ndipo pamapeto dalaivala anavomera zonse atalendewera pa mlatho.

Amake mapasa anamva ngati amwa tiyi wopanda shuga. Dalaivala. Zaka zonsezi, dalaivala. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti chabwino, analakwitsa, koma sanapeze mpata.

"Bodza!"

Anali abambo a mapasa. Anali ataimirira, chala chili pa TV.

"Bodza lenileni! Dalaivala angaphe bwanji munthu ali kugalaja? Galimoto inalibe batire tsiku limenelo, anakhala komweko mpaka m'mawa, makaniko anachitira umboni! Nthawi zonse kunamizira anthu a zamagalimoto! M'bukumu anapha ndi wochapa uja! Kiyi anaisokerera mumpendero wa shiti, wapolisi anaipeza patsamba lomaliza penipeni, atamwa mkaka wake, ndiye mayi uja anangoti..."

Anaima.

Pa TV mayina ankakwera pang'onopang'ono, kanyimbo kakulira. Kunja, kwa aneba, mapasa ankamveka akudumpha chingwe.

"Anangoti chiyani, alamu?" anafunsa mng'ono uja mofatsa. "Malizani. Mukukamba bwino."

"Ndinamva... anyamata ankakamba kugalaja."

"Anyamata a kugalaja," anatero amake mapasa. Mawu awo anali ofewa, ndipo wachisamba, yemwe ankawadziwa mawu amenewo, anasuntha n'kukakhala pansi pafupi ndi TV. "Anakuuzaninso za galu. Ndi za mkaka. Ndi kuti linali tsamba lomaliza."

"Amakamba zambiri anyamata aja."

"Inu mumawerenga injini."

Abambo a mapasa anayang'ana chitseko. Chinali pafupi, koma anali atachedwa nacho zaka zisanu ndi zinayi. Anakhala pansi.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono ngati oyilo wakale. Masiku amenewo, mayi ndi makanda akagona, iwo ankatenga bukulo pampando kuti angoona chomwe chinkachititsa mkazi wawo kuiwala kuwafunsa ngati adya. Anaona tsamba limodzi. Kenako khumi. Pofika tsiku lachisanu anali atawapitirira eni ake, atatsala ndi masamba khumi ndi awiri, ndipo kunja kunali kutacha, nthawi ya ntchito itakwana. Kutenga buku lonse sakanatha. Mayi akanalifuna, komanso makaniko wamkulu sangafike pagalaja ndi buku lachikuto chofiira m'khwapa, anyamata akanamuseka mpaka Khirisimasi. Choncho anang'amba masambawo bwinobwino, nawapinda, nawaika m'thumba la ovololo. Anakawerengera kunsi kwa lole, atagona chagada, sipanala ili pachifuwa.

"Ndimati ndidzamata," anatero. "Guluu ndinagula. Mulungu ndi mboni, guluu ndinagula."

"Ndiye simunamate bwanji?"

Anakanda m'mutu.

"Masambawo ali kuti?" anafunsa amake mapasa. "Katengeni. Ndikufuna ndiwerenge ndekha."

"Ndiye vuto lake limenelo, mayi."

"Vuto lanji?"

"Munawachapa."

Wachisamba anagwira pakamwa.

Ndipo amake mapasa anakumbukira. Linali Loweruka loyamba mng'ono wawo atachoka. Adokotala anali atati masabata atatu, koma matewera sadziwa adokotala, ndipo wochapa wina panalibe, popeza anali atamuthamangitsa okha. Anadzuka atagwira pamimba, nachapa zonse, ndi ovololo yomwe. Potsukuluza, madzi anayera ndi tinthu toyera ngati phala, tomwe tinamata pa matewera, pa masokosi, paliponse. Anakalipa tsiku lonse za amuna osiya mapepala a kugalaja m'matumba. Amuna awo anapepesa msanga kwambiri tsiku limenelo, ndipo iwo anadabwa nako kupepesako. Kuyambira Loweruka limenelo sanaviikenso ovololo asanapise m'matumba.

"Masambawo anali m'thumba pamene tinkakangana," anatero pang'onopang'ono.

"Anali m'ovololo, kuseri kwa chitseko."

"Inu muli pomwepo."

"Ndinali pakhonde."

"Munamva zonse."

"Ndimati ndilowe, mayi. Koma mmene munalusira tsiku lija, ndinati ndidikire muzizire kaye. Ndiye alamu anapita. Ndiye munachapa. Ndiye ndinati nanga tsopano ndinena kuti chiyani, umboni wake watha." Anatambasula manja. "Kenako zaka zinangopita."

"Zaka zinangopita," anabwereza mng'ono uja. Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Alamu, pamaliro a amalume munandigawira sopo wosamba m'manja, mukundifunsa za bizinesi. Inu ndinu munthu wolimba mtima."

"Pepani, alamu."

"Musandipepese ine. Inu munang'amba pepala basi." Anaimirira, nakonza siketi. Sanayang'ane mkulu wake. "Iwe, bwera mawa kushopu ndidzakuyezere konko. Ndaonera filimu, zikomo. Yabodza, koma ndaonera."

Amake mapasa anali atakonzekera tsikuli kwa zaka zisanu ndi zinayi. Ankadziwa mmene adzakhalire pampando, mmene adzamvetsere kupepesa, ndi mawu omwe adzanene pokhululuka, mawu abwino ndithu, omwe ankawakonza akamachapa. Mawu a mbali inayo, opepesera, analibe ndi amodzi omwe. Za mayi wa m'buku, yemwe sanamuonepo, anali atalondola kuyambira tsamba la makumi anayi. Za mwana wa mayi awo, yemwe anagona naye mphasa imodzi, ndi zomwe anaphonya.

Anaimirira, natuluka kukhomo la kuseri.

Madzi a m'bafa anali atazizira, thovu litatha. Anakoka shiti imodzi. Inali yolemera ngati munthu wokomoka. Njira yopita kugeti inkadutsa pomwepo, pakati pa mpopi ndi chingwe choyanikira, ndipo posakhalitsa anamva nsapato za mng'ono wawo pasimenti.

"Shiti iyi sindingaifinye ndekha," anatero, maso ali m'bafa.

Nsapato zinaima. "Muli ndi amuna."

"Amene aja sindikufuna kuwaona mpaka Lachitatu."

"Muli ndi mwana."

"Ali ndi zikhadabo ngati wa mufilimu uja."

Mng'onoyo sanaseke, ndipo sanachoke. Anangoima, chikwama chili paphewa, akudikira. Anali telala, ankadziwa kudikira kasitomala mpaka atanena yekha chomwe wabwerera.

Amake mapasa anaponya shiti m'madzi, madzi nawathovukira pamiyendo.

"Chabwino. Sunang'ambe. Ndinakunamizira."

"Zimenezo wanena kale ndi mwini wake m'nyumbamu."

"Ndi zinazo." Amake mapasa anaweramuka. "Za mwamuna uja. Sanathawe mtima wako. Anathawa chifukwa anali chitsiru, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi chitsiru kuyambira tsiku lomwe anabwera atavala masokosi oyera. Iwe unatseka shopu kudzandichapira matewera. Ine ndinatenga pomwe pankakupweteka n'kupondapo dala. Ndinalakwa. Pepa."

"Zaka naini, achemwali."

"Ndikudziwa kuwerenga. Ana a zaka zimenezo ndi awo akudumpha chingwewo."

"Mukanandifunsa bwinobwino, ndikanakuuzani tsiku lomwelo kuti ndi wochapa. Ndinkafuna kukuuzani. Pakamwa pankandiyabwa. Munthu mmodzi yekha amene analondola, mwa onse amene ndinawabwereka buku lija, ndi inu."

"Ndiye sunanene bwanji?"

"Mumati mundithira madzi a sopo."

Anayang'anana. Maso a mng'onoyo anali atafiira, ndipo amake mapasa anaona kuti akapitiriza kuyang'ana, nawonso ziwachitikira, pamaso pa aneba. Anawerama n'kukokanso shiti ija, napereka nsonga imodzi.

Mng'onoyo anaiyang'ana nsongayo. Kenako anapachika chikwama pampopi, navula tepi m'khosi n'kuiika m'thumba, napinda manja a bulauzi.

"Mupotokolere kumanja, ine kumanzere. Inu mumasokoneza nthawi zonse."

"Ine ndakhala ndikuchapa iwe usanamere mano."

Anapotokola. Madzi anatsika pasimenti n'kulowera kungalande. Pawindo la pabalaza katani inagwedezeka, nkhope ya wachisamba inaoneka n'kubisala.

"Ku ukwatiko mundikhazika pati?" anafunsa mng'onoyo.

"Pafupi ndi ine. Ndizikuona manja, ungathire mchere m'tiyi wa apongozi."

"Ndiye diresi lanu ndisoka ine. Lija munavala pamaliro a amalume linali ngati katani ya m'basi."

Chitseko cha kuseri chinatseguka pang'ono, abambo a mapasa nasuzumira. "Mayi, ndimati mwina ndithandizeko kutunga madzi..."

"Ovololo yanu iyo," anatero amake mapasa osatembenuka. "Sopo ali apo. M'matumba ndapisamo kale, mulibe buku."

Chitseko chinatsekeka. Patapita kanthawi chinatsegukanso, ndipo makaniko wamkulu wa pagalaja anatuluka, nanyamula beseni lake mwakachetechete, nakakhala nalo kuseri kwa nyumba komwe aneba sakanamuona.

Anayanika shiti yoyamba, wina atagwira uku, wina uko, naikoka kuti iwongoke. Dzuwa linali litapendeka kale, ndipo zinali zoonekeratu kuti lero siziuma. Amake mapasa anapana zopanira ziwiri, chachitatu chili pakamwa, kenako anachilavula.

"Ndiye anamupheranji?"

"Ndani?"

"Wochapa uja. Kiyi ndamva, mumpendero. Koma chifukwa chake n'chiyani? Anamulakwira chiyani bwana uja?"

"Aa, pamenepo ndiye pokoma," anatero mng'onoyo. "Mukamva mukomoka."

"Usayambe."

"Atsala angati m'bafamo?"

"Atatu."

"Tifinye kaye."

Amake mapasa anatsonya, nawerama, nakoka shiti yachiwiri.